Kumanja Pang'ono, Madalo

Tsiku limene mfuti ija inabwera kuchokera ku South Bend, a Sosten anaweruka kuntchito nthawi isanakwane. Atafika kunyumba kwawo ku Beech Grove anaimika galimoto mopingasa, matayala ena pakapinga ena pasimenti, n'kutuluka chitseko chili pululu.

"Ili kuti? Amake Madalo, mwaiika pati?"

A Chrissie, akazi awo, anali kusita yunifomu pabalaza. Sanadzutse n'komwe mutu. "Moni kaye, abambo. Ndasainira ine katunduyo, mpaka dzanja kuwawa. Ali kugalaja uko. Ndipo katsekeni galimoto, mfutiyo siuluka."

Muwadziwe kaye a Sosten. Ntchito yawo inali yokonza makina pachipatala china chachikulu pakati pa mzinda wa Indianapolis. Anali munthu wa mpingo, woimba besi m'kwaya, ndipo chibadwire sanaphepo ngakhale njiwa. Koma nkhani ya mfuti, abale inu! Amalawi anzawo akakumana nawo m'magolosale a ku Lafayette Road ankawaseka: "A Sosten, nkhondo yake iyamba liti kuti tithawiretu?" Iwo ankangomwetulira. Mfuti zawo zinkawombera mapepala ndi mbale zachitsulo basi, zopachikidwa kutali koti ndi maso okha sungazione.

Amene anawalowetsa m'zimenezi ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Madalo. Ali wamng'ono analowa kagulu ka achinyamata owombera chandamale, bambo ake n'kumamuperekeza Loweruka lililonse. Mtsikanayo anali ndi dzanja losanjenjemera. A Sosten anaphunzira kupanga okha zipolopolo m'galaja kuti mwana aziwombera zabwino, ndipo m'galimoto ankacheza njira yonse, iwo m'Chichewa chosakaniza, iye m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija. Ankamvana bwinobwino.

Chinawononga zinthu ndi lilime. Lilime la a Sosten, monga la ambiri a ife, silisiyanitsa l ndi r. Kwathu imeneyo si nkhani, aliyense amamva. Koma tsiku la phwando la Madalo, atamaliza sekondale, nyumba itadzaza anzake achimereka, a Sosten anaimirira kuti adalitse chakudya. Anafuna kunena kuti tipemphere, koma m'kamwa munatuluka "Let us play." Tisewere! Anawo anaphulika nako kuseka, wina mpaka kutsamwa ndi chakumwa. Madalo anangoyang'ana pansi, makutu ali psuu. Atapita ku koleji ku South Bend, bambo ake akamuimbira anzake ali pafupi ankayankha mwachidule, ndipo tsiku lina anangonena m'Chingerezi kuti, "Dad, muzingonditumizira meseji, n'kosavuta." A Sosten anamvera. Kuyambira pamenepo ankalankhula ndi mwana wawo ndi zala, ndipo zinkawapweteka kwambiri, ngakhale sankauza munthu.

Tsopano Madalo anali kumaliza maphunziro, ntchito atapeza kale ku Oregon, kutsidya lina la dziko. A Sosten anaona kuti mwana akapita chonchi ndiye wapita. Analimba mtima n'kumulembera kuti kumwera kwa Indianapolis kuli mpikisano wa anthu awiriawiri, wina kuwombera wina kuwerenga mphepo, mbale zili pa mayadi chikwi. Bwanji apite limodzi komaliza? Yankho linabwera la zilembo ziwiri zokha, koma linali lovomera. A Sosten anavina m'khitchini tsiku limenelo. Mumtima anati mwana wanga sachoka ku Indiana tisanayambenso kulankhulana ndi pakamwa.

Ndiye anaganiza zomupangira chipolopolo chakechake, chimene kulibe sitolo imene imagulitsa. Anatenga zigoba zamkuwa za mtundu wodziwika, anazichepetsa khosi, anazisintha mapewa, kuti zinyamule mutu wowonda, wautali ngati kapensulo, wotha kupyoza mphepo koma wosagunda kwambiri phewa la mtsikana. Chipolopolo chotere sichingalowe m'mfuti yogula. Pamafunika mmisiri woti aboole chipinda chake kuseri kwa paipi ya mfutiyo, chofanana nacho ndendende. Mmisiri wake anali a Hamilton, mkulu wina wachimereka wa ku South Bend. A Sosten anawatumizira mfuti, chojambula cha miyeso, ndipo pambuyo pake, atasintha maganizo n'kusankha mutu wautali kuposa woyamba, anatumizanso chipolopolo chachitsanzo chopanda onga kuti azikayezera.

Lero ntchito ija inali pathebulo pawo. Anang'amba katoni. Paipi inali phuliphuli, ndipo pambali pake panali pozokotedwa bwino: 6.5 MADALO.

"Amake Madalo! Tabwerani mudzaone dzina la mwana wanu pachitsulo!"

A Chrissie anabwera, anaona, anagwira pakamwa. "Koma ndiye mwagwira ntchito. Ine m'mene ndinakwatiwira muno dzina langa silinalembedwepo ngakhale pa supuni."

A Sosten sanamve n'komwe. Anatenga chipolopolo china chopanda onga, mapasa a chimene anatumiza chija, n'kuchilowetsa. Anakankha mpiringidzo wotsekera mfuti. Unayenda bwino, myaa, kenako unaima. Anakankhanso pang'ono. Ayi ndithu, sunafune kutsika. Anachitulutsa chipolopolocho n'kuchiyang'ana pa nyale. Pamutu pake panali timizere tatsopano tozungulira, ngati chalumidwa ndi khoswe.

"Mmero," anatero motsitsa. "Mmero ndi waufupi."

"Mmero wa ndani?"

Anawafotokozera, mawu akuuma. Kutsogolo kwa chipinda cha chipolopolo kumakhala kampata kosalala, kamene amisiri amati mmero, kuti mutu ukhalemo usanakhudze mizere ya m'kati mwa paipi. Mutu wautali umafuna mmero wautali. Uwu unali utadulidwa wa mutu wakale uja.

"Nanga osangoukankhira mutuwo m'kati mwa chigoba?" anafunsa a Chrissie, amene zaka zonsezi anali atatolako mawu a m'galaja.

"Ndiye ulanda malo a onga, mphamvu ya moto isintha, ntchito yonse ija yapita m'madzi. Komanso mfuti imeneyi ikhala patsaya la mwana wanga. Zachidule ayi."

Anaimba foni ku South Bend nthawi yomweyo, mtima uli m'mwamba, atakonzeka kukalipa. A Hamilton anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayankha modekha m'Chingerezi. Anati iwo aja anaimba foni ataona kuti chitsanzo ndi chachitali kuposa chojambula, n'kufunsa kuti atsatire chiti. "Ndipo inu munandiuza kuti chitsanzocho n'cholakwika. Munati, that is the wrong one."

A Sosten anakhala pansi pa ndowa ya penti. Anaikumbukira foni ija. Anali m'khonde la chipatala, makina akulira, ndipo anayankha mokondwa, monyadira: "That is the long one!" Chachitali chija! Iwo anati long, mkuluyo anamva wrong. Lilime lomwe lija, abale.

A Hamilton atamva chimene chinachitika anaseka mpaka kutsokomola, koma anati asadandaule. Mmero wautali sungafupikitsidwe, chitsulo chikachoka chachoka, koma waufupi umatalikitsidwa. Abwere nayo Loweruka lomwelo, chifukwa sabata yotsatira mkuluyo akukachitidwa opaleshoni ya bondo ndipo shopu itsekedwa mpaka mpikisano utadutsa.

A Chrissie anayesa kudzigwira, koma kunawapulumuka. Anaseka atagwira chitseko cha galaja. Ataona nkhope ya amuna awo anasiya.

"Madalo asamve," anatero a Sosten. "Chonde, amake Madalo. Musamutekisite, musamuimbire."

"Ine? Ndilibe nazo ntchito."

Amene anakhalapo pabanja akudziwa tanthauzo la yankho limenelo.

Loweruka m'mawa a Sosten anauyatsa ulendo wa kumpoto pa msewu wa 31, mfuti ili m'bokosi lake lokhoma kumbuyo. Minda ya chimanga mbali zonse, yosalala ngati thebulo. Podutsa ku Kokomo anali akuyeseza okha mokweza: "Long. Wrong. Long. Wrong." Kwa iwo mawu awiriwo ankamveka chimodzimodzi, ndipo anamenya chiwongolero ndi mkwiyo. Munthu wokonza makina opumitsa odwala, kugonja ndi kachilembo kamodzi!

Shopu ya a Hamilton inali kuseri kwa nyumba yawo, yonunkha mafuta a makina ndi khofi. A Sosten atalowa ndi bokosi lawo anaima chilili. Pampando wautali pafupi ndi makina opalira chitsulo panali Madalo, kapu ili m'manja.

"Hi, Dad. Amayi anandiuza kuti mukubwera," anatero m'Chingerezi.

"Eya. Amayi ako." Anafuna kumukumbatira, koma manja anali ndi bokosi.

A Hamilton, mkulu wa ndevu zoyera woyenda chotsimphina, sanachedwe kuiyamba nkhani. Anaifotokoza yonse kwa Madalo ngati nthabwala ya chaka, akutsanzira mawu a pafoni aja. Sankanyoza ayi, anali munthu wabwino, ndipo anavomera kuti nawonso khutu lawo lamanzere linafa kalekale ndi kulira kwa mfuti. Koma a Sosten sankamvera zimenezo. Ankayang'ana nkhope ya mwana wawo, kudikira kuti makutu aja afiirenso. Madalo sanaseke. Anangoyang'ana m'kapu.

Ntchito inayamba. A Hamilton anamanga paipi, anatenga kachitsulo kakuthwa kotalikitsira mmero, anakapaka mafuta, n'kukalowetsa. Sanayatse makina. Ankapotoza ndi dzanja, pang'onopang'ono, n'kutulutsa, kupukuta tizinyenyeswa, kuyesa chipolopolo chachitsanzo. Mpiringidzo unakana. Anapotozanso. Unakanabe, koma unatsikako pang'ono. A Sosten anaiwala manyazi onse. Anali ataweramira paphewa la mkuluyo, akupuma ngati athamanga.

"Pang'ono! Pang'ono chabe, bwana, musapitirire!" Anali akulankhula Chichewa osadziwa, ndipo mkuluyo ankangogwedeza mutu ngati akumva.

Atayeza ndi kuyezanso, a Hamilton anapatsa Madalo chipolopolo chija n'kumuuza kuti ayese yekha, poti dzina lili pachitsulopo ndi lake. Madalo anaika kapu pansi. Apa m'pamene anaona zilembo zija. Anazisisita ndi chala, kuyambira pa M mpaka pa O. Analowetsa chipolopolo, anakankha mpiringidzo, ndipo unatsika wokha mofewa, khatya.

"Watseka!" anakuwa a Sosten. "Watseka! Hamilton, ndinu mfiti!" Anamugwira mkuluyo dzanja ndi manja awiri, kuligwedeza mpaka magalasi kutsetsereka pamphuno.

Madalo anamwetulira, kumwetulira kwenikweni kwa kale kuja. Koma potuluka, ali pagalimoto, ananena mawu amene anathira madzi pamoto. Ananena mwachifundo, m'Chingerezi: "Dad, ulendo wina mukafuna kuimba foni yofunika, muzindiuza ndikuimbireni ine."

A Sosten anati chabwino. Njira yonse yobwerera sanayatse wailesi. Mwana amene anamuphunzitsa kulankhula lero akufuna kuwalankhulira.

Koma mfuti inali itatseka, ndipo chimwemwe cha munthu wa m'galaja sichichedwa kubwerera. Masabata otsatirawo a Sosten akaweruka ankangolunjika pathebulo pawo. Zigoba anazitsuka mpaka kunyezimira, anazidula kuti zilingane, anazisalaza pakamwa. Onga ankayeza pa sikelo yaing'ono, kuwonjezera kambewu kamodzikamodzi ndi kachitsulo kotolera, atatseka chitseko kuti mpweya usagwedeze sikelo. Anayambira pa muyeso wotsika n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo akakawombera ankayang'anitsitsa chigoba chilichonse ngati chikuonetsa kuti moto wachuluka.

"Mukuyeza ngati mchere wa munthu wa BP," anatero a Chrissie tsiku lina atabweretsa tiyi.

"Musapume pafupi ndi sikelo, mayi."

"Ndisapume? M'nyumba mwanga?"

Loweruka lina anabwera kuchokera koyesera akuimba nyimbo ya kwaya, pepala lili m'manja. Zipolopolo zonse zinali zitadutsa pabowo limodzi, loti batani la malaya likhoza kuliphimba. Analimata pa firiji. Analijambula n'kutumizira Madalo, ndipo yankho linabwera la kachithunzi ka moto. A Sosten anakayang'ana kamotoko nthawi yaitali. Kanali kabwino, koma sikanali mawu.

Tsiku la mpikisano kunacha bwino. Madalo anali atafika dzulo lake, ndipo a Chrissie anawalongedzera nkhuku yokazinga ndi mandasi ngati akupita ku Mzuzu. Malo owomberako anali chigwa chachitali chaudzu, mbendera zofiira zitaimikidwa m'mbali kuti zizionetsa mphepo. Kumapeto kwenikweni, m'munsi mwa kaphiri, kunali mbale zoyera zachitsulo, zooneka ngati timadontho. Lamulo linali losavuta. Wowombera agona pansi ndi mfuti. Mnzake akhala kumbuyo kwake ndi choonera patali, kuyang'ana mbendera ndi udzu, n'kumamuuza koti alozere. Nthawi ndi yowerengeka, ikatha yatha.

Anthu anabwera kudzaona mfuti yachilendoyo. Wina anawerenga dzina lija n'kufunsa kuti Madalo ndi kampani ya kuti. "Ndine," anayankha mtsikanayo, ndipo a Sosten anatupa ngati finye.

Itafika nthawi yawo, Madalo anagona pamkeka, anavala zotseka m'makutu zija zimene zimaletsa kulira kwa mfuti koma n'kumalowetsa mawu a munthu mogwiragwira. A Sosten anakhala pa kampando kawo, diso pa galasi. Mbendera zinali zitagona.

"Center," anatero. Pakati.

Mfuti inalira. Panapita kanthawi koti munthu akhoza kumeza malovu. Kenako pa mbale yoyera paja panaoneka kadontho kakuda, ndipo mawu a chitsulo anabwerera m'chigwamo mochedwa, ngwee!

A Sosten anatsala pang'ono kugwa pampando. Chipolopolo cha m'galaja la ku Beech Grove, chopangidwa ndi manja awo, chafika! Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chimodzimodzi. Woyang'anira mpikisano anaimba likhweru motsitsa.

Ndiye mphepo inadzuka. A Sosten anaiona isanafike. Udzu wa pakati pa chigwa unayamba kuwerama, mbendera yakutali inadzuka n'kuloza kumanzere. Mphepo yochokera kumanja imakankhira chipolopolo kumanzere, choncho mwana anayenera kulozera kumanja. Anakonza lilime monga anayesezera m'galimoto masiku onsewa.

"Right!"

Madalo anamva light, kutanthauza kuti kamphepo n'kopepuka, palibe chosintha. Analozera pakati pomwepo n'kuwomba. Fumbi linabuka kumanzere kwa mbale. Kunalibe ngwee.

"Right! Right!" anatero a Sosten, mawu akukwera.

"Light?" anafunsa Madalo, tsaya lili pamfuti.

"No! Right!"

Mtsikanayo anazengereza, sanadziwe chimene wamva, anasuntha pang'ono mongoyerekeza n'kuwomba. Fumbi linabukanso kumanzere.

Azibambo awiri a pamkeka woyandikana anatembenuka kuyang'ana. Sanaseke, koma a Sosten anamva kuseka kwa paphwando paja kukubwerera konse. Mphepo ankaiona bwinobwino, ankadziwa mpaka poti mwana alozere, koma mawu anakana kutuluka. Anaopa kuti akatsegula pakamwa amuchititsanso manyazi pamaso pa anthu. Nthawi inali kutha. Woyang'anira anakweza dzanja kusonyeza kuti yatsala yochepa.

Madalo anadzutsa mutu pamfuti n'kucheuka. A Sosten anadikira nkhope ija ya makutu ofiira. Sinali imeneyo. Mwanayo anawayang'ana m'maso, anavutika pang'ono kusaka mawu, kenako anatulutsa Chichewa chimene bambo ake anali asanachimve m'kamwa mwake chichokereni ku sukulu ya mkaka.

"Adadi. Nenani Chichewa."

Anabwezera tsaya pamfuti.

Ha! Nanga mwana wa Mmalawi angasokoneze dzanja lamanja? Si uyu ankamenyedwa kambama pa kadzanja akalandira chinthu ndi lamanzere? Mawu amenewo anawamva asanadziwe n'komwe kumanga nsapato. A Sosten anaika diso pagalasi, chifuwa chinatseguka, besi ya kwaya ija inatuluka yonse.

"Kumanja, mwanawe! M'mphepete mwenimweni mwa mbale!"

"Ndamva."

Mfuti inalira. Kachetechete. Ngwee!

"Eyaaa! Pomwepo! Bwereza pomwepo, usasunthe!"

Ngwee!

"Dikira, dikira, mphepo ikukula. Tuluka kunja kwa mbale, kumanja pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Pang'ono pa shuga wa amayi ako, osati wanga!"

Mapewa a Madalo anagwedezeka ndi kuseka, koma anamvetsa, pakuti m'nyumba mwawo aliyense ankadziwa kuti a Chrissie akati pang'ono ndi kansonga ka supuni, pamene a Sosten akati pang'ono ndi masupuni atatu. Anapuma, anakhazikika, anawomba. Ngwee!

Apa ndiye a Sosten anali ataimirira, kampando katagwera uko. "Yagwa mphepo! Bwerera! Kumanzere, pakati penipeni! Womba msanga, nthawi!"

"Kumanzere," anabwereza Madalo, r wake ali wokulungika wachimereka, ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Chipolopolo chomaliza chinatuluka woyang'anira akutsegula pakamwa kuti aimitse. Onse anakhala chete, ngakhale azibambo a pamkeka woyandikana aja. Kenako chigwa chonse chinamva, ngwee!

A Sosten anaponya chipewa m'mwamba n'kuchiwakha. Analulutira, bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, kululutira ngati ali paukwati! Mmodzi wa azibambo aja anabwera kudzafunsa kuti mawu achinsinsi amene amagwiritsa ntchito aja ndi otani, chifukwa iye ndi mnzake amasokonezana chaka chilichonse. Madalo, akuchotsa mpiringidzo pamfuti, anamuyankha m'Chingerezi kuti si chinsinsi, ndi chilankhulo cha kwawo. Anati kwawo. A Sosten anamva bwinobwino.

Sanapambane. Zipolopolo ziwiri zophonya zija zinawatsitsa, chikho chinapita kwa ena. A Sosten analibe nazo ntchito ngakhale pang'ono. Anatsegula kumbuyo kwa galimoto, anayala chakudya cha a Chrissie, n'kukhala pamenepo miyendo ili lendelende. Anapatsira Madalo ntchafu ya nkhuku pa mbale yapepala, ndipo iye analandira ndi manja awiri.

Kenako mtsikanayo anayamba kulankhula, akudumphadumpha pakati pa zilankhulo ziwiri ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala. Anati tsiku la ku shopu lija, a Hamilton akufotokoza nkhani ija, iye sanachite manyazi ndi bambo ake. Anachita manyazi ndi iye mwini. Anaganiza kuti munthu amene angapange chipolopolo chofika pa mayadi chikwi wakhala zaka zonsezi akuopa kuimbira foni mwana wake, ndipo amene anamuopseza ndi mwanayo.

"Ku Oregon," anatero, akusankha mawu amodziamodzi, "osatekisita. Muziimba. Ine Chichewa changa ndi choipa. Muziseka, palibe kanthu."

"Choipa zedi," anatero a Sosten, misozi ili m'maso. "Kumanzere kwako kuja, agogo ako akanamva akanadzuka m'manda. Lilime lako ndi lopunduka ngati langa lomwe."

"Ndiye tili awiri."

A Sosten anatambasula dzanja kuti atenge ndasi, koma Madalo anawagwira pamkono. Anthu anali akudutsa pafupi ndi mabokosi a mfuti zawo, ena akuyang'ana. Iye sanawalabadire.

"Adadi," anatero. "Tipempere."

"Tipemphere, iwe. Pali mpweya pamenepo. Phe."

"Tipemphere."

A Sosten anavula chipewa. Anapemphera m'Chichewa, mokweza, motalika mpaka nkhuku inazizira, ndipo Madalo sanatsegule maso mpaka pa ameni.